Pakati pa Guwa ndi Mphasa: Mipingo ndi Mliri wa Edzi m'Malawi

Munthu woyamba wodwala Edzi m'Malawi muno anapezeka mu 1985, ndipo ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Kwa zaka 19 za pakatipo, chipatala nthawi zambiri chinalibe choti n'kumupatsa wodwala koposa panado, bakitirimu, mankhwala a TB ndi mawu akuti abale amutenge azikamusamalira kunyumba. Aliyense wofuna kuweruza mipingo pa nkhani ya mliriwu ayambe wafunsa zomwe zinkachitika kunyumbako, chifukwa n'komwe anthu ambiri anadwalira ndi kumwalirira. Masiku ano nkhaniyi ikabuka, ambiri amakumbukira mkangano wa makondomu ndi maulaliki akuti Edzi ndi chilango cha Mulungu. Zonsezo zinachitikadi, ndipo zinapweteka anthu. Koma mbiri ya zaka zimenezo ikusonyeza kuti mumpingo munali mawu awiri, a paguwa ndi a pamphasa ya wodwala, ndipo ndi a pamphasa amene pang'onopang'ono anawongola a paguwa. Amene anawabweretsa sanali mabishopu kapena masinodi, koma akhristu wamba, makamaka amayi, omwe ankasambitsa odwala ndi kuona ndi maso awo kuti amene akufa ndani.

Mliriwu unapeza dziko lili m'manja mwa Dr. Kamuzu Banda, pomwe kukamba za kugonana pawailesi kapena m'nyuzipepala kunkaonedwa ngati kulaula. Boma linakhazikitsa nthambi yolimbana ndi Edzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, koma mawu ake anali otsika, ndipo kumudzi anthu anayamba kungoti "matenda a boma" kapena "kaliwondewonde". Mipingo nayo inalandira matendawa ndi chilankhulo chomwe inali nacho kale. Kuyambira nthawi ya amishoni, tchimo lomwe bwalo la mpingo linkaweruza kawirikawiri linali chigololo, ndipo chilango chake chinali kudulidwa pamgonero. Matenda opatsirana pogonana atayamba kupha, mlaliki sanavutike kupeza mutu wa ulaliki. Chinathandiziranso n'chakuti makolo athu anali kale ndi maganizo akuti kulakwitsa mwambo wa kuchipinda kumadwalitsa, monga zimanenedwera pa mdulo, tsempho ndi kanyera, matenda omwe zizindikiro zake zina, monga kuonda ndi kutsokomola, zinkafanana ndi za Edzi. Choncho guwa ndi mudzi zinagwirizana kuti wodwalayo kapena mnzake wa m'banja pali chomwe analakwa. Zotsatira zake zinali zowawa. Anthu ankaopa kukayezetsa magazi, mabanja ankabisa odwala kuseri kwa nyumba, ndipo pamaliro wofotokoza za imfa ankangoti malemuwa adwala nthawi yaitali. Munthu amene akuopa kuti kuyezetsa ndiko kuulula tchimo sangadziteteze, ndiponso sangateteze mkazi wake kapena mwana woyamwa.

Si atsogoleri onse amene analankhula motero. Kalata ya mabishopu a Katolika yomwe inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 imakumbukiridwa ngati yomwe inagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi, koma inali ndi gawo lokamba za Edzi, pamodzi ndi kudzaza kwa zipatala. Kuika matendawa pa mndandanda wa mavuto a dziko, pambali pa malipiro ochepa ndi kusowa ufulu woyankhula, kunali kuwatulutsa m'chipinda n'kuwaika pabwalo. Koma ndale za riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 zinameza nkhaniyi, pomwe kachilombo kankafalikirabe mpaka, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kanali mwa akuluakulu pafupifupi 15 pa 100 alionse.

Kumene mipingo sinkatha kuzemba kunali kuchipatala. Zipatala za mishoni, monga Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni, Mulanje Mission, Malamulo, St Luke's ku Malosa, St Gabriel's ku Namitete, Mlambe ku Lunzu ndi Trinity ku Muona, zili pansi pa bungwe la CHAM lomwe linayamba mu 1966, ndipo zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumadera komwe chipatala cha boma chili kutali. Zina mwa izo, monga Malamulo, Mua ndi Utale, zinali ndi mbiri yosamalira akhate pa nthawi yomwe wakhate ankasalidwa ndi abale ake omwe. Edzi itafika, mabedi anadzaza, odwala ena n'kumagona pansi, ndipo zinaonekeratu kuti chipatala sichingasunge munthu woti adwala miyezi yambirimbiri. Ku Zambia, chipatala cha Salvation Army cha Chikankata chinayamba mu 1987 kutsatira odwala kumidzi kwawo, kuphunzitsa abale kasamalidwe kawo ndi kukambirana ndi mudzi wonse. Njira imeneyi inafika kuno. Ku Ekwendeni kunayamba ntchito ya mtunduwu, Sinodi ya Livingstonia inakhazikitsa nthambi yake yolimbana ndi Edzi ya LISAP, ndipo madayosizi a Katolika anayambitsa magulu osamalira odwala kunyumba kudzera m'maparishi. Ntchitoyi inayenda msanga chifukwa mizati yake inali itazikidwa kale. Amayi a Mvano ku Sinodi ya Blantyre, a Chigwirizano ku Nkhoma, a Umanyano ku Livingstonia, a Dorika a mpingo wa Seventh Day Adventist ndi a Mothers' Union a Anglican anali ndi chizolowezi choyendera odwala ndi kutumikira pamaliro kuyambira kale. Akatolika anali ndi miphakati, kwina amati malimana, yomwe Bishopu Patrick Kalilombe anailimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, timagulu ta mabanja oyandikana tomwe timadziwa kuti nyumba yakuti muli matenda.

Mawu akuti kusamalira odwala kunyumba amamveka opepuka kwa amene sanaonepo ntchitoyo. Wodwala amene wafika pogona amatsegula m'mimba kosalekeza, m'kamwa muli zilonda moti kumeza ngakhale madzi n'kowawa, ndipo kumsana ndi m'chiuno mwatuluka mabala chifukwa chogonera mbali imodzi pamphasa. Amayi awiri kapena atatu ankafika m'mawa, wina kukatunga madzi kudilawo, wina kukoleza moto. Ankamutulutsa wodwalayo kuti aothere dzuwa, kumusambitsa ndi madzi ofunda, kuchapa zitenje zoipitsidwa, kuzira pansi ndi kuyanika mphasa. Magolovesi akatha, ankavala majumbo m'manja. Kenako ankaphika phala lamadzimadzi, la Likuni likapezeka kapena la mgaiwa lothira nsinjiro, n'kumamumwetsa ndi supuni pang'onopang'ono mutu atautsamiritsa pamiyendo. Pemphero ndi nyimbo zinkabwera pomaliza. Asanachoke ankaona ngati m'nyumbamo muli ufa ndi kufunsa amene akuyang'anira ana, ndipo nyengo ya dzinja gulu limodzimodzilo linkabwera ndi makasu kudzapalira munda wa banjalo. Chaka cha njala cha 2002 ntchitoyi inalemera kwambiri, chifukwa osamalirawo nawonso kwawo kunalibe chakudya.

Munthu amene wagwira ntchito yotereyi kwa zaka zingapo sangamvenso ulaliki wa chilango monga ankaumvera kale. Amayiwa ankawadziwa odwala awo. Ankadziwa kuti uyu ndi mnzawo wa m'gulu amene sanadziwepo mwamuna wina kupatula wake, kuti uyu ndi mwana wa miyezi yochepa, kuti uyu ndi mkulu wa mpingo, mphunzitsi wa Sande sukulu kapena mwana wa abusa. Chiphunzitso chakuti matenda akusankha ochimwa chinkagwa pakhomo lililonse lomwe ankalowa. Abusa ndi ansembe nawo ankayenda maliro mlungu ndi mlungu, ena a atumiki anzawo, ndipo maulaliki anayamba kusintha. Nkhani ya munthu wobadwa wosaona, pomwe Yesu anakana kuti chilemacho chinabwera ndi tchimo la iye kapena la makolo ake, inayamba kumveka kwambiri, pamodzi ndi ya Msamariya ndi za akhate. Ku Uganda, wansembe wa Anglican Gideon Byamugisha anaulula mu 1992 kuti ali ndi kachilombo, woyamba mwa atsogoleri a zipembedzo mu Africa kutero, ndipo pambuyo pake anathandiza kuyambitsa mgwirizano wa atsogoleri a zipembedzo omwe ali ndi kachilombo kapena akhudzidwa nako, womwe nthambi yake kuno ndi MANERELA+. Akhristu ndi Asilamu anapanganso bungwe limodzi la Malawi Interfaith AIDS Association. Pomwe Pulezidenti Bakili Muluzi ankaulula mu 2004 kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi, m'mipingo yambiri nthaka inali itafewa kale. Akatswiri Jenny Trinitapoli ndi Alexander Weinreb, omwe anafufuza mipingo ndi mizikiti ya ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi ndipo buku lawo linatuluka mu 2012, anapeza kuti atsogoleri ambiri a kumidzi ankalalikira za Edzi kawirikawiri ndi kuyendera odwala, zosiyana ndi chithunzi cha mpingo wotseka pakamwa chomwe chinali chitafala m'maiko akunja.

Wina atha kunena kuti apa tikupatsa mpingo ulemu womwe ndi wa chikhalidwe chathu. Kuzonda matenda ndi kugona pasiwa sizinabwere ndi amishoni. Makolo ankati maliro n'kulirana Uthenga Wabwino usanafike, ndipo Asilamu a ku Mangochi ndi Machinga anasamalira odwala awo chimodzimodzi. Mfundoyi ndi yoona, ndipo ntchito yaikulu kwambiri inagwiridwa ndi abale, makamaka agogo amene anaika ana awo m'manda n'kutsala ndi zidzukulu. Koma chibale chili ndi malire ake, ndipo Edzi inagunda pamalire pomwepo. Inkapha anthu apakati, omwe banja limadalira, ndipo nthawi zambiri inkatenga mwamuna ndi mkazi motsatizana. M'matauni monga ku Ndirande, Bangwe kapena Kawale, komanso m'maesiteti a tiyi ndi fodya, wodwala ankatha kukhala wobwera, wopanda mwinimbumba pafupi. Mkazi wamasiye wolandidwa katundu ndi akuchimuna analibe kwa wachibale kothawira, popeza achibalewo ndiwo anamusiya padzuwa. Chomwe mpingo unawonjezera ndi udindo kwa munthu amene si wako, ndiponso dongosolo la tsiku lokumana, mtsogoleri, thumba la zopereka ndi ndandanda ya amene apite kwa yani. Mipingo inalimbananso ndi miyambo yomwe inkafalitsa kachilombo, monga kulowa kufa, chokolo ndi kusasa fumbi, ndipo kwa amayi ambiri amasiye mawu akuti "mpingo wanga sulola" anali chitetezo chokhacho chomwe akuluakulu a m'mudzi ankachimvera.

Chitsutso cholemera koposa ndi cha kondomu, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Mpingo wa Katolika unaima pa chiphunzitso cha Papa Paul VI cha 1968 choletsa njira zolerera zopangidwa ndi anthu, pomwe mipingo ina yambiri, ngakhale yolola kulera m'banja, inkati kulengeza makondomu n'kulimbikitsa chiwerewere. Makondomu a Chishango atatuluka mu 1994 anakumana ndi maulaliki owatsutsa, ndipo mu 2002 atsogoleri a zipembedzo anadandaula ndi chithunzi cha mkazi chomwe chinali pa paketi ndi pa zikwangwani zake mpaka chinachotsedwa pa zikwangwanizo. Ena anafika pophunzitsa kuti kondomu ili ndi timabowo todutsa kachilombo, lomwe linali bodza, ndipo bodza lonenedwa paguwa limalemera kuposa lonenedwa pamsika. Kudziletsa ndi kukhulupirika si malangizo opanda pake. Kumene anthu anachepetsa zibwenzi, kufala kwa kachilombo kunatsika, ndipo mpingo unali ndi mphamvu youza mwamuna wokwatira zomwe chikwangwani cha pamsewu sichikanamuuza. Koma malangizowa analibe yankho kwa mkazi wokhulupirika amene mwamuna wake amayendayenda, kapena kwa banja lomwe mmodzi ali ndi kachilombo wina alibe. Pamenepo chiphunzitso chinasiya anthu pangozi, ndipo ena anafa amene akanakhala moyo. Chomwe chiyenera kuonedwanso n'chakuti kusintha kunayambira kwa omwe anali pafupi ndi odwala. Ku South Africa, Bishopu Kevin Dowling wa ku Rustenburg, amene ankatumikira m'zithando za pafupi ndi migodi, ananena poyera mu 2001 kuti kondomu ingagwiritsidwe ntchito poteteza moyo. Mabishopu anzake anakana, komabe nkhaniyo anaisiyira chikumbumtima cha mabanja omwe mmodzi ali ndi kachilombo. Papa Benedict XVI, amene mu 2009 popita ku Cameroon ananena kuti makondomu amakulitsa vutoli, anavomereza mu 2010 kuti nthawi zina kuigwiritsa ntchito pofuna kusapatsira mnzako kungakhale chiyambi cha kuganizira moyo wa wina. Kuno kwathu, kafukufuku wa ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi uja anapezanso abusa ena amene ankalangiza kondomu kumbali kwa anthu omwe ankawadziwa mavuto awo, ngakhale paguwa sankaitchula. Anatero chifukwa ankamudziwa munthuyo ndi nyumba yake, koma tiyenera kuvomereza kuti uphungu wa kumbali unkafikira ochepa okha omwe analimba mtima kukafunsa.

Palinso amene amati chinagonjetsa imfa si chifundo cha akhristu koma mankhwala ndi ndalama za Global Fund, yomwe inakhazikitsidwa mu 2002, ndi PEPFAR ya dziko la America ya 2003. Palibe wokana. Kumayambiriro kwa 2004 anthu omwe ankalandira ma ARV m'zipatala za boma anali pafupifupi 3,000, ambiri akulipira K2,500 pamwezi, pomwe oposa 60,000 ankamwalira chaka chilichonse. Lero omwa mankhwalawa ali pafupifupi 900,000, ndipo amene anatsegula njira yowaperekera kumidzi anali madokotala a MSF ku Chiradzulu mu 2001, omwe si bungwe la mpingo. Phala ndi pemphero sizinapulumutse aliyense ku kachilombo. Koma mankhwala safika okha m'kamwa mwa wodwala. Dziko lomwe linali ndi madokotala owerengeka linafunika zipatala zogawira, ndipo za CHAM zinalowa mu ndondomeko ya boma kuyambira pachiyambi. Linafunika anthu okopa odwala kuti akayezetse, operekeza amene akuyamba mankhwala monga malamulo a nthawiyo ankafunira, ndi olondola amene asiya kubwera kusikelo ya ma ARV. Ambiri mwa iwo anali omwe aja ankasambitsa odwala zaka khumi m'mbuyomo. Gulu la akhristu wamba a Katolika la Sant'Egidio la ku Rome linabweretsa ndondomeko ya DREAM, yomwe inayamba ku Mozambique mu 2002 n'kufika kuno mu 2005, ndi mfundo yakuti wodwala wa ku Africa ayenera kupimidwa magazi ndi makina ofanana ndi a ku Ulaya, pa nthawi yomwe akatswiri ena ankati zimenezo n'zodula kwambiri kwa osauka. Mu 2011, Malawi atayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo, zipinda zochirira za mishoni zinali mbali ya ntchitoyo.

Mankhwala atabwera, ngozi ya paguwa inangosintha nkhope. Chilakolako cha machiritso a pompopompo si chatsopano: mu 1995 anthu zikwizikwi anakhamukira kwa Billy Goodson Chisupe m'boma la Machinga kukamwa mchape womwe iye anati anaulota, ndipo panthawiyo n'zomveka, chifukwa kuchipatala kunalibe kalikonse. Koma aneneri amene lero amauza munthu kuti wachira ataye mabotolo ake a ma ARV akumulanda chinthu chomwe chikugwira ntchito, ndipo amene wasiya mankhwala amabwerera kuchipatala thupi litafooka, nthawi zina kachilombo katapima. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kufalitsa mauthenga onyenga okhudza matendawa, ndipo mipingo yambiri yatsutsa khalidweli poyera. Mneneri wotere amakumana ndi wodwala papulatifomu kwa mphindi zochepa, akatero sadzamuonanso, ndipo si iye amene adzachape zofunda matenda akadzayambiranso. Kusala nako sikunathe. Kunangosamukira kwa achinyamata obadwa ndi kachilombo omwe amabisa mankhwala awo kusukulu zogonera komweko, kwa amayi oyendayenda ndi kwa amuna ogonana ndi amuna anzawo, omwe m'matchalitchi ambiri amatchulidwa pokhapokha pamene akudzudzulidwa. Magulu amenewa ndi omwe akhristu wamba sanakhale nawo pafupi monga anakhalira ndi amayi anzawo odwala, ndipo n'chifukwa chake mawu a paguwa pa iwo sanasinthe kwenikweni.

Amayi amene anasenza mliriwu sanalipidwe. Mabungwe atabwera ndi ndalama, anawatcha odzipereka, kuwapatsa tisheti, chitenje, nthawi zina njinga, pomwe malipiro ndi magalimoto zinapita kumaofesi, ena mwa iwo a mipingo yomweyo. M'mipingo ingapo, amayi omwe ankadziwa za matendawa kuposa wina aliyense analibe mpando m'mabwalo omwe ankaweruza za ukwati, kondomu ndi chilango. Funso la amene adzagwire ntchitoyi linadzukanso mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake la kumaiko akunja, pomwe ntchito zambiri za kumidzi zolondola odwala ndi zoyeza magazi zinaima kapena kuchepa. Ambiri mwa amayi a m'zaka za m'ma 1990 pano ndi okalamba, ena anamwalira, ndipo ana awo anakula panthawi yomwe ntchito ya Edzi inkayenda ndi alawansi ya semina. Zipatala za CHAM nazo zimadalira boma pa malipiro a ogwira ntchito, ndipo ndalamazo zikachedwa, chipatala cha mishoni chimakakamizika kulipiritsa wodwala wa kumudzi amene alibe kwina kopita.